Nyimbo Yoima Pakhomo

Kankhirani chikuni icho m'kati, utsi ukundilowa m'maso. Ndipo inu mwaima pakhomopo, sankhani chimodzi, kulowa kapena kutuluka. Musandiyang'ane choncho, khalani pansi mumve chimene ndikukalipira.

Kumapiri a ku Ntcheu kuli chipatala china chakale cha mishoni, cha njerwa zofiira ndi malata a dzimbiri. Dzina lake sinditchula, eni ake akadalipo. Kuseri kwa chipatalacho kuli chidikiro, nyumba yaitali momwe amayi oyembekezera ochokera kutali amagona podikira tsiku lawo, aliyense ndi mkeka wake, beseni lake, ndi m'bale womuphikira amene kumeneko amamutcha gadiyani.

Enifa anafika kumeneko mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Aka kanali kachitatu kukhala ndi pakati. Koyamba anapita padera. Kachiwiri mimba inafika mpaka kumapeto, koma mwana anabadwa ali chete, ndipo Enifa anabwerera kumudzi ndi zitenje zatsopano zili chipindire m'beseni, monga momwe anazibweretsera. Ulendo uno sankapempha zambiri kwa Mulungu. Ankangofuna kumva mwana wake akulira, basi.

Mwamuna wake, Lameki, anali ku Joni, komwe ankalondera pageti la fakitale ina. Gadiyani wake anali azakhali ake, a Nasibeko, mayi wamfupi wa pakamwa posauma, amene ankaopa chilichonse kuyambira kadzidzi mpaka jakisoni. Malamulo awo ankayamba kunja kusanache.

"Iwe Enifa, choka pakhomopo! Ukufuna mwana adzaime pakhomo tsiku lobadwa? Ukalowa uzilowa, ukatuluka uzituluka. Ndipo zomasuzumira m'nyumba n'kubwerera, ine ayi."

"Ndamva, azakhali," ankayankha Enifa, uku akuseka chamumtima.

Chimene chinkamusowetsa mtendere si malamulowo, koma kukhala. Kudikira ndi ntchito yolemetsa kuposa kulima, makamaka kwa munthu amene akuopa chomwe akudikiracho. Zala zake zinkamuyabwa. Kwawo ndiye ankaimba kiyibodi ya kwaya, ija yoyendera batire ya galimoto, ndipo iye ndi Lameki anadziwana kukwaya komweko. Tsono tsiku lina chakumadzulo, akuyenda kuwongola miyendo monga anamwino ankawalamulira, anafika pa katchalitchi kakale kumapeto kwa mpanda, pafupi ndi mitengo ya bulugamu. Chitseko chinali chotseguka pang'ono. M'katimo munali mabenchi afumbi, fungo la mileme, ndi piyano.

Inali piyano yeniyeni, yamatabwa, makiyi ake achikasu ngati mano a munthu wa fodya. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kukhudza kiyi imodzi. Inalira bwinobwino, mosasasa mawu. Akanakhala wina akanadabwa kuti piyano yosiyidwa ndi mileme zaka zonsezo ikulira bwino chotero bwanji, ndipo akanapita kukafunsa. Koma safunsa anadya phula. Enifa anangokoka benchi n'kukhala pansi, mimba itagunda thabwa.

Sabata imeneyo Lameki anali atamutumizira vidiyo pafoni. Munkaoneka dzanja lake pakiyibodi, mawu ake akumveka chapambali.

"Eni, taona ichi ndaphunzira kwa mnzanga wa kutchalitchi kuno. Amati ogimentedi. Chala chachikulu pa do, chapakati pa mi, chaching'ono pa so. Izi ukuzidziwa kale. Tsopano chala chaching'onocho chisunthe, chikwere pa kiyi yakuda yoyandikana nayo. Imeneyo ndi se. Do, mi, se. Wamva mmene ikumvekera? Ndiye ukafika pamenepa..."

Pomwepo vidiyo inkaima, kachizunguliro kakungozungulira pafoni. Netiweki ya kumapiri kuja inali ya mwayi, ndipo bandulo nayo inali itatha. Enifa anati zotsalazo adzaonera kunyumba, chachikulu wachigwira kale.

Anaika zala monga anaonera. Do, mi, se. Mawu atatuwo atalira pamodzi, mwana anagunda m'mimba. Sanali mawu oipa ayi, koma sanali okhazikika. Anali ngati munthu amene wanyamula phazi kuti aponde, koma sanaponde. Enifa anawakonda nthawi yomweyo. Makodi amene ankawadziwa, timagulu ta makiyi olizira pamodzi, aja atatu okwanira nyimbo zonse za m'buku, ankafika n'kukhala pansi. Awa ayi, ankangoyang'ana kutsogolo. Posewera nawo anapeza kuti kuchoka pa do kufika pa mi, pa mi kufika pa se, pa se kufika pa do wapamwamba, mtunda unali wofanana. Kaya uwatembenuze chotani ankamveka chimodzimodzi, opanda mutu, opanda mchira. Ankakwera nawo mpaka kumapeto kwa piyano osafika kulikonse.

Kenako kunkamveka mawu kuchokera kukhitchini ya magadiyani: "Enifaaa! Chakudya chikuzizira!" Iye ankachotsa zala pa do, mi, se, n'kutseka piyano, ulendo. Tsiku lililonse ankasiyira pomwepo.

Patapita masiku pang'ono, ali pakati poimba, m'katchalitchimo munada pang'ono. Anayesa mtambo. Atacheuka anaona kuti pakhomo paima mayi, mwendo umodzi m'kati, wina kunja. Dzuwa lolowa linali kumbuyo kwake, tsono nkhope sinkaoneka. Chimene chinkaoneka ndi mimba, yaikulu, yotsika kale, ndi nsalu yakuda ya biriwita yomangidwa pamwamba pa mawere popanda bulawuzi. Nsalu yotero Enifa anaiona komaliza m'bokosi la malemu agogo ake.

"Lowani, amayi, mukhale pabenchipa."

Mayiyo anangoima pomwepo.

"Akakuonani azakhali anga mwaima pamenepo, mumva zowawa," anatero Enifa moseka, n'kubwerera ku piyano yake. Atacheukanso panalibe munthu. Potuluka anapeza pasimenti ya pakhomo pali mapazi awiri onyowa, lina kuloza m'kati, lina kunja. Mu Okutobala, abale, nthawi imene ngakhale malovu amauma asanafike pansi.

Madzulo ake anafunsa a Nanzunga, mayi wa ana asanu amene ankagona mkeka woyandikana naye, ndipo ankadziwa za aliyense.

"Wa biriwita? Masiku ano?" a Nanzunga anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Asisi, pano onse ndikuwadziwa, ndi amuna awo omwe. Ameneyo kulibe. Mwina ndi wakumudzi kuseriku, amabwera kudzatola nkhuni."

Enifa anavomera, chifukwa kuvomera kunali kosavuta. Mawa lake anapitanso, ndipo mayi uja anabweranso, n'kuima malo omwe aja.

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali mzamba wamkulu wa pachipatalapo, Mayi Chidothi. Tsiku lina m'mawa analowa m'chidikiro manja ali m'chiuno.

"Kodi amayi inu mwapangana? Ku leba kwangoti zii. Ine mpaka ndayamba kuluka sweta pantchito. Tachirani, anthuni, mukapume kwanu."

Onse anaseka. Koma mawuwo atatha, aliyense anayamba kuwerengera chamumtima, ndipo kuseka kunazilala. Pachipatala paja tsiku silinkadutsa popanda nthungululu ya gadiyani. Tsopano sabata inali itatha osamveka mwana wakhanda ndi mmodzi yemwe. Ena matenda ankawayamba ndithu, msana kuwawa, thukuta kamukamu, n'kuwatengera ku leba. Akangofika pakhomo la chipindacho, zonse zinkaleka, n'kubwerera ndi beseni lawo mwamanyazi. A Nanzunga masiku awo anali atapitirira kale.

"Ine ana anga onse amabwera osagogoda," ankadandaula. "Wachitatu anabadwira m'munda wa nandolo. Nanga uyu akudikira kalata yomuitana?"

Sizinali za anthu okha. Nkhuku ya mlonda inkazungulira khitchini tsiku lonse ikutetera, dzira osatuluka. Madzi pambaula ankangolira m'mbali mwa poto, osawira. Munthu ankamva kuyetsemula kukubwera, n'kutsegula pakamwa, n'kukhala choncho mpaka misozi. Masana mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri, yakuda bii, mphepo n'kuleka, masamba onse duu, koma dontho osagwa. Anthu ankagona ndi mutu wolemera n'kudzuka nawo.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Mayi aliyense wopita kuchidikiro amatenga lezala latsopano ndi ulusi zodzadulira ndi kumangira mchombo, ndipo amazisunga pansi pa zitenje m'beseni. Wina anapeza lezala lake palibe. Mawa lake wina ulusi. Anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, magadiyani awiri mpaka anagwirana mabulawuzi pampopi. Ndalama sizinkasowa, sopo sankasowa, shuga ankagona poyera osakhudzidwa.

Enifa ndiye anazipeza. Analowa m'katchalitchi muja monga mwa masiku onse, ndipo pamwamba pa piyano panali patayalidwa malezala ndi timaulusi, mwadongosolo, monga amayalira mzamba ntchito ikayandikira. Fumbi lozungulira linali losakhudzidwa. Thupi lake lonse linachita tsemwe. Sanacheuke kuyang'ana pakhomo, ngakhale ankadziwa kuti kuwala kwachepa. Anakhala chomwecho mpaka kuwala kutabwerera. Ndipo anakokolera zonse m'chitenje n'kutuluka mothamanga momwe munthu wa mimba yotero angathamangire.

Atazikhuthula pamkeka n'kunena komwe wazipeza, amayi onse anamuyang'ana. A Nanzunga ndiwo anayamba, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Asisi, tisabisane. Nyimbo yanu ija timaimva tonse kuno. Ikalira imatikoka m'mimba, kutikoka, kutikoka, kenako n'kutisiya m'malere. Ine sindinaphunzire zoimba, koma nyimbo imeneyo si yabwino. Mwaitana chinthu. Isiyeni."

"Ndimanena ine!" a Nasibeko anawomba m'manja. "Ndimanena! Anzako akusoka timalaya ta mwana, iwe uli pa ding'i ding'i m'nyumba ya mileme. Wabwera kudzachira kapena kudzapanga dansi? Ukapondanso kumeneko, ine ndikwera basi, ukauze bambo ako wekha. Chimenecho chikufuna ana athu, wamva? Chayamba ndi malezala."

Enifa analira. Ankaopa, komanso anali ndi manyazi, poti amayi onsewo ankamuyang'ana atagwira mimba zawo. Analonjeza kuti sakhudzanso piyano, ndipo anasungadi lonjezolo. Apa ndiye analakwitsa onse pamodzi, ndipo ine sindiwaimba mlandu, chifukwa nanenso ndikanalangiza zomwezo.

A Nasibeko anatenga udindo wokonza zinthu. Analamula kuti chilichonse chomangidwa chimasulidwe. Amayi anamasula tsitsi loluka, mfundo za zitenje, mitolo ya nkhuni, matumba a ufa, mpaka zingwe za nsapato za mlonda, yemwe anayenda tsiku lonse akukhwekhwereza mapazi uku akung'ung'udza. Chidikiro chonse chinkaoneka ngati mwadutsa kamvuluvulu. Koma mwana sanabadwe.

Ndipo magetsi anathima. Anati thiransifoma yapsa. Mafoni anafa imodziimodzi, ya Enifa pamodzi ndi vidiyo yake yosatha ija.

Tsiku lomwelo, dzuwa litangolowa, kukadali kachisisira, amayi ali m'kati kuyatsa makandulo, pakhomo la chidikiro panamveka mawu. Sikunali kugogoda, sikunali odi. Anali mawu a munthu wamkazi oimba cha m'mphuno, liwu limodzi lokha, lalitali. Linkaleka ngati mwini wake akukoka mpweya, n'kuyambanso. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo aliyense ankaona kuti pakhomopo palibe munthu. Komabe nyenyezi imene inkaonekera pakhomopo masiku onse sinkaoneka.

"Yesu, Yesu, Yesu," a Nasibeko anafunda chitenje kumutu. Wina anayamba Atate Wathu n'kusokoneza pakati. Mtsikana wina wa mimba yoyamba anakodzera pamkeka, ndipo palibe anamuseka. Liwu lija linakhala mpaka mdima utagwira, kenako linaleka lokha. M'mawa pakhomo panali mapazi awiri onyowa.

Linabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, nthawi yomweyo. A Nasibeko anawaza mchere pakhomo, abusa anabwera kudzapemphera, koma liwulo silinasinthe. Amayi anasiya kutuluka okhaokha. Onse anasiya kumuyankhula Enifa, kupatula a Nanzunga amene ankamukankhirabe mbale ya mbatata mwakachetechete.

Kenako mwana wa Enifa anasiya kugunda.

Anadzuka m'mawa n'kudikira kachidendene kamene kankamudzutsa masiku onse. Anamwa madzi ozizira, anagona chammbali, anagwedeza mimba ndi dzanja. Chapamasana anamva kakusuntha kamodzi kofooka, basi. Mayi Chidothi anamugoneka pabedi n'kuika pamimba kachitsulo kawo konga lipenga, khutu lawo kumapeto kwake. Anamvetsera nthawi yaitali. Anasuntha, n'kumvetseranso.

"Mtima ukumveka," anatero osamuyang'ana m'maso, "koma mwanayu watopa. Ku fiyeta, kochitira opaleshoni, sitingakulowetseni opanda magetsi. Ambulansi yaperekeza wodwala wina, ifika mawa m'mawa. Ikangofika, woyamba kukwera ndinu. Limbani mtima, mwana wanga."

Enifa anali atawamvapo kale mawu amenewo, akuti watopa, pabedi lina, chaka china. Ankadziwa zimene zinatsatira. Anabwerera kuchidikiro osaona njira, n'kugona kuyang'ana kukhoma, dzanja pamimba. A Nasibeko anakhala pambali pake akumupukuta thukuta.

Dzuwa linalowa. Liwu lija linayamba.

Amayi anafunda zitenje monga mwa masiku onse. Koma Enifa mantha ake onse anali atapita kwa mwana, sanatsale oopera za pakhomo. Anangogona n'kumamvetsera, ndipo poti anali munthu wa kwaya, khutu lake linayamba kugwira ntchito lokha. Munthu wolira mawu ake amakwera n'kutsika, amanjenjemera. Woopseza amakalipa. Awa sankagwedezeka n'komwe, ankangokhala pamalo amodzi moleza mtima. Anali atawamvapo kuti mawu otero? Anakumbuka. Kukwaya, munthu akasochera pakati pa nyimbo, mnzake woyandikana naye saleka kuimba kuti amukalipire. Amangosendera pafupi n'kumuimbira liwu loyenera m'khutu, mpaka alipeze.

Chamumtima Enifa anaimba: do, mi, se. Liwu la pakhomo linali pamwamba pa se pang'ono pokha, moyandikana kwambiri. Anaimbanso kuti atsimikize. Linali la.

Anadzuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ukupita kuti?" a Nasibeko anamugwira mwendo.

"Kukamaliza, azakhali."

"Kumaliza chiyani? Wapenga? Chili pakhomopo!"

"Sanabwere kudzatenga mwana. Nyimbo ija ndinaisiya panjira, ndiye akundiuza poponda. Masiku onsewa akhala akundiuza. Ndisiyeni."

Anayenda pakati pa mikeka, amayi akumusuzumira m'mphepete mwa zitenje. Atayandikira pakhomo anamva kuzizira kumaso, ndi fungo la dothi lonyowa losakanikira ndi mafuta a nsatsi. Anawerama pang'ono, manja pamodzi, monga achitira munthu podutsa pamaso pa wamkulu.

"Zikomo, amayi, ndidutse nawo."

Liwu linaleka. Enifa anadutsa.

"Mwana wa achimwene, undiphetsa iwe," anatero a Nasibeko, koma anatola kandulo n'kumutsatira. A Nanzunga anadzuka mobuula. Otsalawo anayang'anana, n'kuona kuti kutsala kukuopsa kuposa kupita. Ndiye taganizani mzere wa amayi a mimba, tsitsi lili nyankhalala, zitenje atazigwira ndi manja poti mfundo zinaletsedwa, akudutsa kuseri kwa chipatala mwakachetechete pansi pa mitambo yakuda. Mlonda atawaona analowa m'kanyumba kake n'kudzitsekera.

Pakatchalitchi paja Enifa analowa yekha. Amayi anaunjikana panja. A Nasibeko anafika mpaka pakhomo n'kutambasula dzanja la kandulo kuti kuwala kufike pa piyano, thupi lonse lili kunja, poti lamulo lawo sanaliiwale.

Enifa anatsegula piyano. Poyamba anaphonya. Anapukuta manja pachitenje n'kuikanso. Do, mi, se. Mawu aja anadzaza m'chipindamo, ndipo panja amayi anabuula pamodzi, aliyense atagwira m'chiuno. Pomwepo liwu lija linayamba, osati pakhomo, koma kumbuyo kwake kwenikweni, pafupi ndi khutu lakumanja, moti ankamva kuzizira pakhosi. Sanacheuke. Anagwirabe makiyi atatu aja, n'kuyang'ana chala chake chaching'ono chili pa kiyi yakuda. Kiyi yoyera yotsatira inali pomwepo, yogundana nayo. Masiku onse aja inali pomwepo.

Anatsetsereza chalacho. La.

Liwu la kumbuyo ndi liwu la piyano zinakhala chinthu chimodzi. Chala chapakati chinasuntha chokha kuchoka pa mi kupita pa fa, poti dzanja lozolowera limadziwa kwawo. Do, fa, la. Phazi lija linaponda. Ndipo kuchokera pamenepo njira inali yodziwika kwa mwana aliyense wa Sande sukulu: anatsitsa zala ziwirizo kubwerera pa mi ndi so, monga zimathera nyimbo za m'buku. Panja, popanda wowauza, amayi anayankha ndi mawu onjenjemera, "Aaameni."

Kumbuyo kwa Enifa wina anausa moyo. Kunali kuusa kwakutali, kwa munthu amene watula katundu amene anamusenza kuchokera kutali. Lawi la kandulo linawerama kuloza panja. A Nasibeko anapatuka pakhomo paja mofulumira, n'kupinda bondo.

"Dutsani, amayi," anatero ndi mawu aang'ono.

Kwa kanthawi kunalibe chomveka. Kenako, cha kumitengo ya bulugamu, kunja kwa mpanda kumene kulibe nyumba, kunamveka mwana wakhanda akulira. Kaliwu kakang'ono, katsopano, kaukali. Kankamka kutali pang'onopang'ono, monga mwana amene wanyamulidwa ndi munthu woyenda mosafulumira, mpaka kanazilala. Amayi onse anakamva.

Dontho loyamba linagwa padenga la malata ngati mwala. Lachiwiri. Kenako mvula inakhuthuka yonse imene inasungidwa masiku onse aja, ndipo m'kati mwa phokosolo munamveka a Nanzunga: "Mayo ine! Nsupa yasweka! Ndigwireni, anthuni, uyu sadikira!"

"Inenso!" anakuwa wina.

"Amayi, inenso kuno!"

Enifa anali akadali pabenchi, zala pa makiyi. Ndipo pansi pa nthiti zake china chinamumenya mwamphamvu, chidendene chenicheni, mpaka anapindika. Chinamenyanso. Chibadwire sanamvepo ululu wokoma chotero. Anaika mutu pa piyano n'kulira mokweza, uku akuseka, mamina ndi misozi pamodzi.

"Wagunda, azakhali! Wagunda!"

"Ndiye ukulira chiyani, chitsiru iwe? Dzuka, tiye!" Koma nawonso ankalira, kandulo itazima kale m'manja.

Za ku leba usiku umenewo amazikambabe. Mayi Chidothi anataya sweta yawo pansi, n'kuitanitsa anamwino onse ndi nyali zonse za pamishoni. Mabedi anachepa, ena anachirira pamikeka m'khonde. A Nanzunga sanafike n'komwe pakhomo, mwana wawo anabadwira pa masitepe, mvula ikuwomba, iwo akukalipira mwamuna wawo amene anali kumudzi osadziwa kanthu. Nthungululu zinkangolandizana. Ankati uku yatha, uku yayamba.

Za mayi wa biriwita uja musandifunse zambiri. Ena amati kalekale, chipatala chisanakule, odwala ankawagoneka m'katchalitchi muja, ndipo mayi wina woyembekezera anamunyamula pamachira kuchokera kutali n'kufika naye mochedwa. Ena amati ayi. A Nasibeko, amene anamupatsa njira, ukawafunsa amayankha mokalipa kuti, "Ine sindinaone kanthu. Ndinangopatuka, ndi ulemu basi."

Enifa anachira kukucha, mvula itasanduka yowaza. Mayi Chidothi anamulandira mwanayo m'manja, wamkazi, ndipo mwanayo anali chete. Enifa anadzutsa mutu. Anaona kathupi kotuwa, timanja tili lende, ndi msana wa mzamba utawerama. M'chipindamo munalibe wopuma. Mayi Chidothi anamupukuta kumaso, anamutembenuza, n'kuyamba kumutikita kumsana ndi nsalu, mwamphamvu, akuyankhula pansipansi, "Tiye, mayi, tiye. Wafika kale. Usatichititse manyazi."

Kamwendo kanakoka. Kakamwa kanatseguka. Ndipo mwanayo analira, kulira kwaukali kogwedeza chibwano, kosalekeza, ngati akuwerengera aliyense milandu yake.

Anamuika pachifuwa pa mayi wake ali chilirire. Nkhope inafiira, timanja tikumenya m'mwamba. A Nasibeko, amene anali atalowa popanda wowaloleza, mawu awo anabwerera onse nthawi imodzi.

"Iwe Enifa, ukungomuyang'ana? Mpatse bere atonthole! Mwana salira chotero, atha mawu. Tamuyamwitsa, wamva?"

Enifa sanasunthe. Anali atatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu, dzanja lili pakamsana kotentha kamene kankakwera ndi kutsika.

"Ayi, azakhali," anatero. "Musiyeni pang'ono. Ndimve kaye."